Tsitsani Foniyo, Nafenso Kumbuyo Kuno Tinalipira

Anzanga acinyamata, pali khalidwe lina limene lalowa pakati pathu osagogoda, ndipo popeza ambiri ali nalo, palibe amene afuna kulidzudzula. Ine ndilidzudzula. Pitani ku konsati iliyonse masiku ano, kaya ndi ya bandi yochuka ku Showgrounds mu Lusaka, kaya ndi mpikisano wa makwaya mu holo ya sukulu ku Chipata kapena ku Katete. Woimba akangotsegula pakamwa, mikono imakwera m'mwamba monga cimanga ca mu February, ndipo pansonga pa mkono uliwonse pali foni yowala. Amai ofupika msinkhu amene akhala kumbuyo, amene anasunga ndalama mwezi wathunthu kuti agule tikiti, aona woimbayo ali kang'ono-ng'ono ngati nyerere mkati mwa foni ya munthu amene samdziwa n'komwe. Akati apendekere kumanja, kumenekonso kuli mkono wina. Kodi kumeneku ndiko kuonerera?

Musandimve molakwa. Ine sindili m'gulu la akulu-akulu amene anena kuti kujambula pa konsati kulekeke konse. Mtundu wathu udziwa bwino kuwawa kwa kusajambula. M'zaka za m'ma 1970 dziko lino linali ndi mabandi amene nyimbo zao zinachedwa Zamrock: WITCH ya Jagari Chanda, Amanaz, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi. Malekodi ao a mu situdiyo alipo, ndipo kampani ya Now-Again ya ku America inatulutsanso ambiri a iwo. Koma funsani atate anu kapena amalume anu cimene akumbukira. Sadzakuuzani za lekodi. Adzakuuzani za Jagari ali kulumpha pa siteji, ndi Paul Ngozi ali kuliza gitala ndi mano. Paul Ngozi anamwalira mu 1989, ndipo zojambulidwa pa siteji za nthawi imeneyo n'zosowa kwambiri. Kukanakhala mnyamata mmodzi cabe m'holo iliyonse wokhala ndi katepi m'thumba, bwenzi lero tili olemera.

Ku America kunali mnyamata wotero. Dzina lake anali Dean Benedetti. Mu 1947 ndi 1948 anali kutsatira Charlie Parker, katswiri woliza saxophone, m'mabwalo oimbira a ku Los Angeles ndi New York atanyamula makina ake ojambulira mau. Anali kuyatsa makinawo Parker akayamba kuliza, ndi kuwazimitsa wina akalowapo, zimene ziyenera kuti zinawawa oimba enawo. Zojambula zakezo zinakhala zobisika zaka zoposa 40 mpaka zinatulutsidwa mu 1990, iye ndi Parker yemwe atamwalira kale-kale. Ophunzira nyimbo azimvetsera mpaka lero. Conco kujambula ndi nchito yolemekezeka. Mlandu wanga uli ndi munthu amene atenga nchito yolemekezeka n'kuigwira mopanda mwambo.

Kuti muone kuti mwambo n'wotheka, ndikuuzeni za bandi ya ku California yochedwa Grateful Dead. Inaimba kucokera mu 1965 mpaka mu 1995, caka cimene Jerry Garcia, woliza gitala wao wamkulu, anamwalira, ndipo inacita makonsati oposa 2,300. Anthu amenewa sanali kuimba nyimbo mofanana kawiri. Nyimbo imene dzulo inali yaifupi, lero inali kutalika ndi kupita njira ina. Pa cifukwa cimeneci okonda bandiyi anayamba kubwera ndi matepi kuti asunge usiku uliwonse paokha. Poyamba anali kubisa. Pambuyo pake anaculuka, nayamba kuimika mitengo yaitali yacitsulo yokhala ndi maikolofoni pamwamba, mpaka Dan Healy, amene anali kuyendetsa mikisa, ndiko kuti tebulo lija la makina pamene mau onse a bandi asakanizidwira, analephera kuona siteji cifukwa ca nkhalango ya mitengoyo. Bvuto lao linali lomweli la ife. Maikolofoni m'malo mwa mafoni, basi.

Tsono taonani zimene anacita. Sanaitane apolisi. Mu October 1984, pa konsati ya ku Berkeley, bandiyo inapatula malo a ojambula kumbuyo kwa mikisa, ndipo wofuna kujambula anali kugula tikiti ya malo amenewo. Ufuluwo unadza ndi malire ake. Ujambule uli pa malo amene wapatsidwa. Usagulitse tepiyo. Ukafuna kupatsa mnzako, musinthane tepi kwa tepi, ndipo amene alibe cosinthana naco atumize makaseti opanda kanthu ndi ndalama ya positi cabe. Ojambulawo anaonjezerapo mwambo waowao: pafupi ndi maikolofoni salankhulapo, saimbapo, saombapo mluzu. Wosowa maikolofoni abwino anali kupempha mwaulemu kulumikiza tepi yake ku makina a mnzace, ndipo makina angapo anali kudya m'mbale imodzi. Kaseti ya C90 inali kutenga mphindi 45 mbali imodzi, motero munthu anayenera kuwerengera nthawi bwino kuti aitembenuze pakati pa nyimbo ziwiri, mwakacetecete, mumdima, osayatsa tochi m'maso mwa anzace. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo anthu amenewa anadekhadi. Zotsatira zake n'zakuti makonsati a bandiyi oposa 2,000 anajambulidwa, ndipo ambiri mwa iwo munthu angathe kuwamvetsera lero pa Internet Archive osalipira ngwee.

Cimene cindikhudza pa nkhani imeneyi n'cakuti anthu amene anajambula bwino koposa onse ndiwo anali osaoneka ndi osamveka m'holo. Kwathu kuno zili mozondoka. Wojambula ndiye aoneka kwambiri, ndiye amveka kwambiri, ndipo cimene abwera naco kunyumba n'cinyalala.

Inde, cinyalala, ndipo ndifotokoze cifukwa cake. Iwe mnzanga amene ukankha anthu kuti ufike kutsogolo kweni-kweni, pafupi ndi cisipika cacikulu, udziwe kuti wasankha malo oipa koposa m'holo monse. Kamaikolofoni ka mu foni n'kakang'ono ngati njere ya mapira, ndipo kanapangidwira mau a munthu wolankhula. Besi ndi ng'oma zikakagunda pafupi, kamadzaza, ndipo cotuluka ndi phokoso long'ambika ngati lata pa mphepo. Kuonjezera apo, kutsogolo kumeneko umva sipika imodzi cabe, ya mbali imene waimako. Mau abwino apezeka pakati pa holo, pafupi ndi mikisa, cifukwa munthu wa pa mikisa alinganiza gitala, ng'oma ndi mau a woimba malinga ndi zimene makutu ace akumva pamene wakhalapo. Anthu a Grateful Dead sanaikidwe kumeneko monga cilango. Ndiye kuti ukankha amai oyembekezera, uponda ana, utsekereza anthu makumi awiri, kuti upeze cinthu cimene ukanacipeza cabwino kopambana utaima phee kumbuyo.

Nanga pakamwa? Masipika ali kutali ndi iwe mamita 20, koma pakamwa pako pali pafupi ndi foni ngati cikhato cimodzi. Mau amacepa mphamvu msanga akamapita patali, motero cimene foni imva kwambiri ndi iwe. Ukaimba motsatira, wajambula iwe mwini, ndipo woimba amene unalipirira amveka capatali ngati wailesi ya kwa aneba. Ukakuwa dzina la mnzako, dzinalo lidzakhala pakati pa nyimboyo mpaka kale-kale. Ndipo pali ena amene atembenuza foni, n'kupatsa woimba msana, n'kuyamba kulankhula ndi anthu a pa Facebook nyimbo ili mkati: “Tili pano, anzanga, zinthu zatentha!” Mlongo wanga, amene ali pa Facebook sanalipire. Amene analipira ndi uyu waima pambali pako, amene akuyesa kumva nyimbo kupyolera m'mau ako.

Za katochi ka foni sindidzataya nthawi. Kuwala kwake sikupitirira mamita awiri kapena atatu. Sikafika pa siteji. Kamangowalitsa dazi la abambo ali patsogolo pako ndi kuthobwa m'maso onse oyandikana nawe. Zimitsa, ndipo ucepetsenso kuwala kwa galasi la foniyo. Ndipo iwe wobwera ndi tabuleti yaikulu ngati thileyi ya tiyi, Mulungu akukhululukire, cifukwa a kumbuyo kwako zidzawabvuta.

Ndidziwa yankho limene likubwera. “Ndinalipira tikiti, foni ndi yanga, mkono ndi wanga.” Zoona. Koma tikiti inakugulira mpando umodzi, kapena malo oimapo mapazi awiri. Sinakugulire mpweya wa pamwamba pa mutu wako, umene ndi zenera la munthu wa kumbuyo. Mu minibasi nawenso umalipira, koma sutambasula miyendo pa mpando wa mnzako ndi kunena kuti miyendo ndi yanga. Ukagwira foni pa cifuwa, zigongono zili m'nthiti, palibe amene adzadandaula, ndipo cithunzi cako cidzaleka kunjenjemera. Ukaikweza pamwamba pa mutu kwa nyimbo yathunthu, walanda cinthu ca wina. Ndinenenso kuti ngakhale iwe mwini wadzimana. Maso ali pa foni, makutu ali theka ku nyimbo, mtima uli pa batire imene ikutha. Akulu anati mapanga awiri abvumbwitsa. Konsati sunaione, ndipo vidiyo ya maola awiri imene wajambulayo, nena zoona, udzaionerera liti?

Tsopano tifike pa nkhani imene ambiri safuna kuimva, ya kupempha cilolezo. Anthu a Grateful Dead anajambula poyera cifukwa eni nyimbo anabvomereza. Panali ena amene sanadikire cibvomerezo. Wochuka pa onsewo ndi Mike Millard wa ku Los Angeles, amene m'zaka za m'ma 1970 anali kulowa m'makonsati atakhala pa njinga ya olemala, cikhalireco miyendo yace inali yabwino-bwino, makina a Nakamichi atabisika pa mpando ndi timaikolofoni tili m'cipewa. Tepi yace ya Led Zeppelin ya pa 21 June 1977 itamandidwa mpaka lero, ndipo adziwika kuti anadana nako kugulitsa matepi ace. Ena amuyesa ngwazi. Ine ndikana. Tepi ndi yabwino, koma bodza ndi bodza, ndipo amene alipira mtengo wa bodza lotere ndi munthu wolemaladi amene mawa mlonda wa pa khomo adzamuyang'ana ndi diso lokaikira. Ngati pa khomo alemba kuti kujambula n'koletsedwa, kapena wolengeza wanena, nkhani yatha. Ngati sananene kanthu ndipo ufuna kujambula konsati yonse, pita ukafunse. Oimba athu ambiri si anthu obvuta kuwapeza. Ambiri adzakondwa, ndipo ena adzakupempha kuti uwatumizireko.

Mungafunse kuti woimba angakanirenji, popeza vidiyo imlengeza kwaulere. Zifukwa zilipo. Kapena akuyesa nyimbo yatsopano imene sanaimalize, ndipo afuna kuti anthu adzaimve koyamba itapsa, osati yaiwisi. Kapena usiku umenewo ali ndi cimfine ndipo mau akana kukwera. M'holo anthu amkhululukira, pakuti aona thukuta lace ndi khama lace, koma kavidiyo ka masekondi 30 pa TikTok kalibe cifundo, ndipo anthu amene sanaliko adzamuweruza ndi kameneko. Kapena walipira anthu a makamera kuti atulutse vidiyo yace, imene adzadyetsa nayo ana ace. Safunika kukufotokozera ciliconse mwa izi. Mau ndi ace. Ngakhale Grateful Dead yomweyo, mu November 2005, inapempha kuti zojambulidwa zace zicotsedwe pa Internet Archive. Okonda bandiyo anadandaula kwambiri, ndipo patangopita masiku ocepa matepi ojambulidwa ndi oonerera anabwezedwa, koma ojambulidwa kucokera pa mikisa anatsala ongomvetsera, osatenga. Patapita zaka 21 cilolezo ciperekedwere, mwini anali akali mwini.

Lamulo la dziko lino nalonso silinagone pa nkhaniyi. Mu 1994 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lochedwa Copyright and Performance Rights Act. Dzina lakelo likuuzani kuti silinateteze wolemba nyimbo yekha, linatetezanso woiimba pa nthawi imene ali kuiimba. Ndipo ife a mu Zambia sitiyenera kuphunzitsidwa za kuipa kwa kugulitsa thukuta la wina. Makaseti okopera, kenaka ma CD okopera, anadzaza misika yathu pamene eni nyimbo anali kuyenda wapansi, mpaka mu 2013 boma linayamba kumata kacizindikiro ka hologram pa ma CD ndi ma DVD kuti enieni adziwike. Lero wokopera safunikanso tebulo pa msika. Aika konsati yonse pa YouTube, alembapo dzina lace m'zilembo zikulu-zikulu pakati pa cithunzi ngati ndiye anapeka nyimbozo, ndipo dzina la woimba aliiwala kapena alilemba molakwa. Ngati pabwera kandalama, kalowa m'thumba mwace. Kusiyana kwace ndi wa pa msika uja n'kotani?

Pali anthu enanso m'holo amene wojambula amawaiwala: oonerera anzace. Nyimbo ikagwira mtima, wina alira, wina abvina mosasamala kuti thupi lace n'lotani, agogo ena anyamuka n'kukumbukira masitepe a kalindula a pa utsikana wao. Acita zimenezi cifukwa akhulupirira kuti ali pakati pa anzao. Ndiye pabwera mnyamata, awalozetsa foni mwakabisira, ndipo m'mawa mwace agogo aja ali pa magulu onse a WhatsApp, pansi pao pali tinkhope toseka. Ici ndico cindinyansa koposa zonse zimene ndachula. Kutsekereza munthu kutha konsati ikatha. Kumcititsa manyazi pa intaneti sikutha, ndipo agogo amenewo ulendo wina adzakhala pansi manja ali pa miyendo. Cimodzi-modzi ndi kwaya ya ana. Mwana wako mjambule mmene ufunira, koma pa mzere umenewo pali ana a eni ake, ndipo makolo ao sanakuuze kuti nkhope zao ndi yunifomu ya sukulu yao uzionetse dziko lonse.

Tikapanda kudziletsa tokha, ena adzatiletsa, ndipo kwina zinayamba kale. Mu 2014 Kate Bush, pobwerera pa siteji ku London atakhala zaka 35 osacita makonsati ace, analembera okonda nyimbo zace kuwapempha kuti asajambule. Mu May 2016, ku Verona m'dziko la Italy, Adele anaima pakati pa konsati n'kuuza mai wina amene anaimika kamera pa miyendo yace itatu kuti aleke. Kupempha kutalephera, kunabwera loko. Kampani ya Yondr, imene inayamba mu 2014, ipanga timatumba tokhoma: ulowetsa foni pa khomo, akhoma, kathumbako uyenda nako wekha, koma sungakatsegule kufikira utatuluka kapena utapita pa malo opatulidwa. Jack White anacita makonsati ace a mu 2018 mwa njira imeneyi, ndipo Bob Dylan nayenso anaitsatira. Taganizani zimenezi zitafika kuno, kumene foni ndiyo cikwama ca ndalama, ndiyo yoitanira galimoto yobwerera kunyumba, ndiyo imene amai akuimbirapo kufunsa ngati uli bwino. Ndipo loko sasankha. Atsekera pamodzi wopanda mwambo uja ndi Benedetti wathu wa mawa, amene akanatisungira usiku umene zidzukulu zathu zidzaufuna.

Kwa inu a m'makomiti a acinyamata amene mukonza makonsati ndi mipikisano ya makwaya, mbali ina ya mlanduwu ndi yanu, cifukwa simunena kanthu. Muika wolengeza amene atha mphindi khumi kulonjera alendo olemekezeka mmodzi-mmodzi, koma alephera kutenga theka la mphindi kuuza anthu ngati kujambula n'kololedwa, ndi poti aimirire. Funsani magulu oimba pasadakhale. Patulani mipando isanu kapena isanu ndi umodzi pafupi ndi mikisa. Sankhani acinyamata awiri odekha, okhala ndi mafoni abwino kapena kamakina kojambulira mau, muwapatse poimikapo kuti mikono isatope, ndipo mulengeze kuti aliyense wofuna adzalandira zojambulazo oimba akabvomereza. Munthu akadziwa kuti adzalandira yabwino, cifukwa cokwezera mkono cimacepa. Wofunabe kutenga kacidutswa kace ka cikumbutso atenge, mphindi imodzi, foni ili pa cifuwa, kenaka aibweze m'thumba.

Ndipo inu awiri amene mwasankhidwa, nchito yanu sithera m'holo. Mukafika kunyumba, musanagone, lembani tsiku, malo, dzina la gulu, mndandanda wa nyimbo, ndi maina a onse amene anaimba, ngakhale la mnyamata wa ng'oma amene anali kumbuyo mumdima. Sungani m'malo awiri, pakuti mafoni amagwa m'madzi ndipo amabedwa. Oimba apatseni oyamba. Ojambula a Grateful Dead anali kulemba zotere pa kapepala ka kaseti, nthawi zambiri pamodzi ndi mtundu wa maikolofoni ndi makina amene anagwiritsa nchito, ndipo n'cifukwa cace munthu wobadwa mu 2005 angathe kusankha tsiku la mu 1977 ndi kupeza kuti usiku umenewo bandiyo inali mu mzinda uti, inayamba ndi nyimbo iti, ndipo inatsiriza ndi iti.